Akulu Awiri ndi Mpingo Wosinthika

M'midzi ya m'boma la Chongwe, monganso m'malo ena ambiri, muli dandaulo limodzi limene limveka kawiri-kawiri pakamwa pa Akristu okalamba, lakuti mpingo suli monga unaliri kale. Anyamata ndi asungwana ongotuluka kumene m'sukulu akamva mau amenewa amangoseka, nanena kuti ndi ukalamba cabe. Koma kuseka sikutha mlandu. Munthu amene anabatizidwa pa masiku aja pamene Misa inali kunenedwa m'Cilatini, ndipo lero aimva m'cinenero ca kwao ng'oma ziri kulira, ali naco cifukwa ca kufunsa ngati cimene analandira pa ubwana wace cikali comweco. Funso lace ndi la maphunziro a za Mulungu, ngakhale iye mwini sadziwa kulichula motero.

Mlandu wotere uweruzidwa bwino pamene pali anthu enieni oima pa bwalo. Mu Eklezia Katolika wa ku Lusaka munali akulu awiri amene anakhala pa mpando umodzi motsatizana, ndiwo Adam Kozłowiecki ndi Emmanuel Milingo. Onse awiri anakalamba mpingo wao uli kusintha, koma njira zao zinalekana kutali. Milingo anaika maganizo ace m'buku lochedwa The World in Between, limene linatuluka m'caka ca 1984. Maganizo a Kozłowiecki pa nkhani iyi aoneka makamaka m'zimene anacita. Buku lija ndilo liri pa bwalo pano, ndipo moyo wa mkulu winayo ukhala ngati mboni.

Poyamba kufunika kudziwa cimene cinasinthaco. Mishoni ya Kasisi, imene iri m'boma la Chongwe pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere, inayambidwa m'caka ca 1905 ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa cipani ca Ajezuiti wocokera ku France. Akristu amene analeredwa pa mishoni zotere anaphunzira katekisimu pamtima. Wansembe ananena Misa atayang'ana ku guwa, anthu ali kumbuyo kwace. Ng'oma inali ya ku mabwalo a magule, yosalowa m'chalichi, ndipo zonse za mizimu ya makolo zinali kuyesedwa za cikunja. Tsono kuyambira 1962 kufikira 1965 kunacitika msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse ku Vatican, woitanidwa ndi Papa John XXIII. M'mwezi wa December 1963 msonkhanowo unalola kuti zinenero za anthu zilowe m'mapemphero a Eklezia. Patapita zaka zowerengeka, mu 1973, maepiskopi a maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana kuti Akristu azisonkhana m'timagulu tating'ono m'midzi ndi m'makomboni mwao, osangodikira wansembe pa Sabata. Zonsezi zinafika m'moyo wa mbadwo umodzi wokha.

Adam Kozłowiecki anaona kusinthaku kuyambira pa ciyambi cace. Anabadwira ku Poland m'caka ca 1911, nalowa cipani ca Ajezuiti. Mu November 1939 asilikari a Hitler anamgwira ku Kraków, namtsekera ku Auschwitz, pambuyo pace ku Dachau, kumene anakhala kufikira asilikari a ku America anatsegula ndendeyo mu April 1945. Caka cotsatira anafika m'dziko lino, limene pa nthawiyo linali kuchedwa Northern Rhodesia, nayamba nchito yace pa Kasisi, makamaka ya masukulu. Mu 1950 anapatsidwa udindo wa kuyang'anira Eklezia wa cigawo ca Lusaka, mu 1955 anadzozedwa episkopi, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Anali mmodzi wa iwo amene anakhala nao pa msonkhano wa ku Vatican uja. Mu 1969, ali ndi zaka 58 zokha, mphamvu zikalipo, anatula pansi udindo wace kuti mpandowo ukhale wa mwana wa dziko lino.

Amene analowa m'malo mwace ndiye Emmanuel Milingo, Mngoni wa kwa Mnukwa, kufupi ndi Chipata, wobadwa mu 1930. Pa ubwana wace anaweta ng'ombe, nalowa sukulu mocedwa, ndipo anaphunzira za unsembe ku Kasina ndi ku Kachebere. Anadzozedwa wansembe mu 1958. Pa 1 August 1969 Papa Paul VI anamdzoza episkopi ku Kampala, pa ulendo womwe uja pamene Papayo anauza anthu a mu Africa kuti ayenera kukhala ndi Cikristu ca mtundu wao. Milingo anatenga mau amenewo ndi mtima wonse. Mu April 1973 kunadza kwa iye mkazi wodwala mashawe, amene anali atabvutika miyezi yambiri, nakumva mau olankhula kwa iye pamene panalibe munthu. Milingo anampempherera, ndipo mwa umboni wace mkaziyo anacira. Kuyambira pamenepo anthu anakhamukira kwa iye mazana-mazana. Ansembe ena anadandaula, maepiskopi anzace anamletsa, ndipo mu 1982 anaitanidwa ku Rome kukafunsidwa. Mu 1983 anasiya mpando wa Lusaka.

Dzina la buku lace litanthauza dziko la pakati. Ciphunzitso cace cacikulu ndi ici: pakati pa dziko lino looneka ndi kumwamba kwa Mulungu pali dziko lina la mizimu, momwe muli mizimu yabwino ndi yoipa, ndi makolo amene anatsogola. Munthu wa mu Africa adziwa dziko limeneli kuyambira kale, ndipo matenda ena amene amgwira acokera komweko. Amishoni, pakubwera ndi maphunziro a ku Ulaya, anauza anthu kuti zonsezo ndi maloto a umbuli. Koma mantha sanacoke cifukwa ca kuletsedwa, anangobisala. Motero Mkristu anayamba kuyenda njira ziwiri, ku chalichi usana ndi kwa sing'anga usiku. Milingo anena kuti Kristu anapatsa ophunzira ace mphamvu ya kuciritsa ndi ya kuturutsa mizimu yoipa, ndipo Eklezia wosagwiritsa nchito mphamvuyo asiya ana ace m'manja mwa ena. Aonjezanso kuti Yesu akhoza kumveka bwino kwa munthu wa kuno ngati kholo lalikulu loposa makolo onse, mkhalapakati weniweni wa anthu ndi Mulungu.

Mphamvu ya bukuli iri pakuti funso lace ndi loona. Munthu wa ku Chongwe safunika kupita kutali kukafuna umboni. Caka ndi caka, mvula isanagwe, Asoli asonkhana kwa Mfumu yao yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kukoka mitambo, kumene apempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa makolo ao. Mwambowu ucitika m'boma lomwelo momwe belu la pa Kasisi lakhala liri kulira zaka zoposa zana limodzi. Cikhulupiriro ca dziko la pakati sicinafe, ndipo ciphunzitso ciriconse cimene ciyesa ngati kulibe cilankhula ndi munthu wa m'mabuku, wosapezeka m'mudzi uliwonse. Pa mfundo iyi Milingo anaona bwino koposa ambiri a iwo amene anamtsutsa. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera, ndipo mau ace pa nkhani iyi agoneradi. Mipingo ya Cipentekoste, imene iika maciritso patsogolo, yacuruka m'Zambia kuyambira zaka za m'ma 1980. Mpingo wa Reformed Church in Zambia, wobadwa ku mishoni ya Magwero ya 1899, unagawika pa mlandu wofanana nao, ndipo mu 2001 amene anaturukamo anayambitsa Bible Gospel Church in Africa. Ngakhale ku Rome komweko, mu 1999 anakonzanso mwambo wa kuturutsa ziwanda, ndipo mu 2000 anaturutsa malangizo a mapemphero opempha maciritso. Funso limene linayesedwa la munthu mmodzi wosokonezeka linakhala la mipingo yonse.

Cinanso coyamikika ndi cifundo cimene ciri m'bukumo. Wolembayo sanayambe ndi nzeru za m'kalasi. Anayamba ndi mkazi wodwala ataima pakhomo pace. Maphunziro a za Mulungu amene ayamba pa munthu wobvutika ali ndi kulemera kumene maphunziro ena alibe.

Komabe buku lonena funso loona likhoza kupatsa yankho lopunduka, ndipo zilema za bukuli sizibisika. Coyamba, mboni yaikulu ya zonse zolembedwamo ndi wolemba yemwe. Iye ndiye anaona mzimu, iye ndiye anauchula dzina, iye ndiye anena kuti wodwala anacira. Pa bwalo la mfumu munthu saloledwa kukhala mwini mlandu, mboni ndi woweruza nthawi imodzi. Wowerenga wofuna kudziwa ngati ociritsidwawo anakhalabe bwino patapita caka, kapena kuti ndi angati anabwerera kwao osathandizidwa, atseka bukulo asanakhute.

Caciwiri, malire a pakati pa nthenda ya mizimu ndi nthenda ya thupi saikidwa molimba monga kuyenera. Khunyu iri ndi mankhwala oiletsa. Kumva mau kumene ena sakumva ndi cizindikiro codziwika ca matenda ena a ubongo, amene madokotala a pa cipatala ca Chainama ku Lusaka awasamalira. Milingo sanauze anthu kuti aleke zipatala, koma ciphunzitso cikacoka m'manja mwa mwini wace cigwera m'manja mwa ena osasamala, ndipo pamenepo mwana wa khunyu akhoza kutha zaka ali kupemphereredwa, mankhwala ali pafupi. Coopsa cina ndi ici, kuti pamene anthu aphunzira kuona mzimu woipa kumbuyo kwa tsoka liri lonse, sacedwa kufunsa amene anautuma. Ndipo cala cikaloza, kawiri-kawiri ciloza nkhalamba yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Buku lofuna kucotsa mantha liyenera kucenjera kuti lisaonjeze nkhuni pa moto womwewo.

Cacitatu cikhudza mapangidwe a bukulo. Silinalembedwe ngati buku limodzi kuyambira pa ciyambi. Mai wina wa ku Britain, Mona Macmillan, anasonkhanitsa zolemba za Milingo, naziika m'dongosolo, naonjezapo mau ace oyamba ndi omasulira. Linaturuka m'Cingerezi, losindikizidwa kunja, caka cimodzi cokha mwini wace atacoka pa mpando. Motero liri ngati mau a munthu wodzikanira pa mlandu, olunjika kwa Azungu amene anamweruza. Mau a otsutsa amveka pang'ono cabe, ndipo amveka kudzera m'kamwa mwa wotsutsidwa ndi bwenzi lace. Amai aja amene anadzaza pabwalo pace ku Lusaka, amene nkhani yonse iri ya iwo, ambiri sakanatha kuwerenga tsamba ngakhale limodzi.

Zimene zinatsata pambuyo zidziwika ndi anthu ambiri. Mu May 2001, ali ndi zaka 70, Milingo anakwatira Maria Sung wa ku Korea pa mwambo wotsogozedwa ndi Sun Myung Moon ku New York. Mu August caka comweco anaonana ndi Papa John Paul II, nabwerera ku Eklezia. Mu 2006 anayambitsa gulu lolimbikitsa kuti ansembe okwatira alandiridwe, ndipo mu September anadzoza amuna anai okwatira kukhala maepiskopi ku Washington popanda cilolezo ca Papa. Pa cifukwa ici anacotsedwa mu Eklezia. Mu December 2009 analandidwa unsembe. Kungakhale kusaweruza bwino kutaya buku la 1984 cifukwa ca zocitika za 2006, pakuti mau oona sasanduka bodza mwini wace akapunthwa. Ndiponso nkhani ya ukwati wa ansembe si yopusa. Kusakwatira kwa ansembe ndi lamulo la Eklezia wa Cilatini, ndipo mipingo ya Cikatolika ya kum'mawa, yomvera Papa yemweyo, iri ndi ansembe okwatira. Koma cilema cija coyamba ca bukulo, ca munthu wokhala mboni ndi woweruza wa iye yekha, ndico cimene cinakula kufikira cinabala zipatso izi. Pamene mpingo unacedwa kusintha monga iye anafunira, iye anadzitengera ulamuliro wa kuusintha yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Apa ndipo mboni ija iyenera kuitanidwa. Kozłowiecki, atasiya mpando, sanabwerere ku Poland kukapumula. Anapita kukagwira nchito ya wansembe wamba m'mishoni za kumidzi, monga ku Chingombe m'cigwa ca Luano, kumene njira ndi zobvuta, ndipo pa zaka zace zomariza anakhala ku Mpunde, kufupi ndi Kabwe. Munthu amene anali mutu wa Eklezia wa Lusaka anakhala pansi pa ulamuliro wa maepiskopi amene anali ana pamaso pace. Mu February 1998, ali ndi zaka 86, Papa John Paul II anamkweza kukhala Kardinala, koma anakhalabe pa mishoni yace. Anamwalira ku Lusaka pa 28 September 2007, ali ndi zaka 96, atatha zaka 61 m'dziko lino. Eklezia amene anafera m'menemo anali wosiyana kwambiri ndi amene anamdzoza unsembe, m'cinenero, m'nyimbo ndi m'khungu la atsogoleri ace. Macitidwe ace aonetsa kuti iye anasiyanitsa cikhulupiriro ndi zotengera zace, ndi kuti mpando wace womwe anauwerengera pamodzi ndi zotengerazo.

Koma naye asayamikidwe mopitirira. Kudzicepetsa kwa mkulu mmodzi sikunayankhe funso la mashawe. Mbadwo wa amishoni umene iye anali mmodzi wa iwo unamanga masukulu, zipatala ndi nyumba za ana amasiye, monga ya pa Kasisi pomwepo, koma pa nkhani ya mizimu unasiya mpata waukulu, ndipo mpata umenewo ndiwo Milingo anaupeza. Kukadakhala kuti Eklezia anamvetsera msanga zimene Akristu ace anali kuopa usiku, mwina nchito ya maciritso ikadakula m'kati mwa malamulo, anthu ambiri ali kuyang'anirana, m'malo mwa kutsamira pa mphatso ya munthu mmodzi. Kumvera kokha sikuciritsa wodwala, monganso kulimba mtima kokha sikusunga mpingo. Mkulu wina anali ndi funso lofunika koma anasowa cipiriro ca kulisenza pamodzi ndi anzace. Winayo anali naco cipiriro, koma funsolo silinali lace.

Tsono dandaulo la nkhalamba ya ku Chongwe liweruzidwa bwanji? Liyenera kupetedwa monga mapira, pakuti muli maso ndi mankhusu pamodzi. Ngati cimene ailira ndi Cilatini, ikumbutsidwe mwaulemu kuti Bambo Torrend yemwe, amene anaika maziko a Kasisi, anatha moyo wace pa zinenero za anthu akuda: mu 1891 anasindikiza buku lalikulu loyerekeza malamulo a zinenero za Bantu, ndipo mu 1921 anasindikiza nthano za anthu a dziko lino. Misa ya m'cinenero ca anthu ndi mbeu imene atate a mishoni anabzala okha. Ngati cimene ailira ndi masiku a ansembe oyera khungu, ikumbutsidwe kuti mkulu wa ansembewo anacoka pa mpando mwa kufuna kwace, ndi kuti mu 2010 mwana wa dziko lino, Medardo Mazombwe, anakhala Kardinala. Koma ngati nkhalambayo inena kuti lero mlaliki aliyense adziika yekha, kuti maciritso asanduka malonda m'malo ena, kuti palibe wofunsa mnzace kumene watenga ulamuliro wace, pamenepo wacinyamata atseke pakamwa ndi kumvetsera, pakuti yakhudza bala lenileni, lomwelo limene lioneka m'buku la Milingo ndi m'mbiri ya mwini wace.

Buku la The World in Between liyenera kuwerengedwa ndi aliyense wodziwa Cingerezi amene afuna kumvetsa cifukwa cace mipingo ya m'dziko lino yasintha motere. Aliwerenge ndi ulemu, pakuti wolembayo ananena poyera cinthu cimene ambiri anali kunong'ona. Koma pa tsamba liri lonse azifunsa kuti mboni yaciwiri iri kuti. Ndipo iye amene watsiriza sukulu, nabwerera kumudzi ndi satifiketi yace, akamva agogo ace ali kudandaula za mpingo, akhale nao pansi ndi kuwapempha kuti achule cinthu cimene catayikaco ndi dzina lace. Kawiri-kawiri adzapeza kuti cina ndi cobvala cimene cinatha nchito, ndipo cina ndi cinthu cimene mpingo uyenera kubwerera kukacitola.